Moto wa ku Amazon wautsa mtsutso pa gulu la Kwathu ku Kasungu

Mayi a Tadala (Chamama): Mwadzuka bwanji nonse? Taonani uthenga uwu, anditumizira anzanga a ku mvano. Akuti nkhalango ya Amazon ya ku South America ikupsa, sabata yachitatu tsopano, koma mawayilesi angoti zii. Akuti nkhalango imeneyi ndiyo mapapo a dziko lapansi, imatipatsa 20 peresenti ya mpweya umene timapuma. Pali chithunzi cha moto, ndi china cha pusi atafukata mwana wake. Ine chandikhudza, chidzukireni mtima sunakhale m'malo. Tumizani kwa ena, ndipo tiwapempherere anthu akumeneko.

aBanda (Chulu): Tadzuka alamu, kaya inu. Koma chonde musatumizenso kwa munthu. Uthengawo ndi wa 2019, chaka chilichonse ikafika nyengo ino umadzuka n'kuyambanso kuzungulira m'mafoni. Ndi bodza lonselo, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Mayi a Tadala (Chamama): Bodza bwanji alamu poti moto ukuchita kuoneka pachithunzipo? Kapena wina anachita kujambula ndi pensulo?

Chikondi (Lilongwe): Azakhali, moto wa pachithunzipo ndi weniweni, koma funso ndi lakuti unayaka kuti komanso liti. Cha pusicho chinajambulidwa ku India mu 2017, sichikhudzana n'komwe ndi Amazon. Cha motocho ndi chomwe pulezidenti wa France, Emmanuel Macron, anaika pa Twitter pa 22 Ogasiti 2019. Anachijambula ndi Loren McIntyre, munthu amene anamwalira mu 2003. Ndiye mutha kuona nokha kuti sakanajambula moto wa 2019. Cristiano Ronaldo nayenso anaika chake sabata yomweyo, koma chinali cha 2013, cha kum'mwera kwenikweni kwa Brazil, ku Rio Grande do Sul, kutali ndi Amazon. Anthuwa amatsatiridwa ndi anthu mamiliyoni, ndiye zithunzizo zinafika paliponse, mpaka ku Chamama.

aBanda (Chulu): Mwamva mphwangayo? Ndanena ine. Pulezidenti wathunthu kufalitsa chithunzi cha munthu wakufa kale. Nanga zinazo tizikhulupirire chiyani?

Aphunzitsi aMwale (Mtunthama): A Banda, pamenepo mwadumpha. Chithunzi kukhala chakale sizikutanthauza kuti moto kunalibe. Moto unalipo, ndipo amene anauwerenga si Macron, ndi a ku Brazil eni ake. Bungwe la boma lawo loona za m'mlengalenga, INPE, limagwiritsa ntchito masetilaiti, ndipo pofika pa 20 Ogasiti 2019 linali litawerenga moto woposa 72,000 m'dziko lonselo kuyambira Januwale, kukwera ndi 80 peresenti n'kanthu poyerekeza ndi nthawi yomweyo mu 2018. Woposa theka unali m'dera la Amazon. Pa 19 Ogasiti mzinda wa São Paulo unada cha m'ma 3 koloko masana, magalimoto n'kuyatsa nyali, chifukwa utsi wochokera kutali unakumana ndi mitambo. Ku Novo Progresso, m'chigawo cha Pará, eni mafamu ena anachita kupangana tsiku, la 10 Ogasiti, loti onse ayatse. Ku Bolivia nako mahekitala mamiliyoni anapsa chaka chomwecho. Zimenezi sizidalira chithunzi cha Ronaldo ayi.

Madalitso (Johannesburg): Moni nonse kumudziko. Aphunzitsi, nanga za 20 peresentizo? Ine zimenezi ndinazimva ngakhale pa TV zikuluzikulu, osati pa WhatsApp pokha.

Aphunzitsi aMwale (Mtunthama): Zimenezo ndiye zolakwika kwenikweni, achimwene, ngakhale zinanenedwa ndi akuluakulu. Asayansi amene anawerengera amati pa okosijeni yense amene zomera zimapanga padziko, wa ku Amazon ndi wapakati pa 6 ndi 9 peresenti. Pafupifupi theka limachokera ku tizomera ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere, tosaoneka ndi maso. Komanso ngakhale 9 peresentiyo sifika kwa ife. Mtengo umatulutsa okosijeni dzuwa likamawala, koma nawonso umapuma usana ndi usiku n'kugwiritsa ntchito gawo lalikulu. Wotsalawo umatha masamba ndi zipika zikamawola, chifukwa chiswe, bowa ndi tizilombo ta m'nthaka timapumanso. Zili ngati banja limene limakolola matumba ambiri a chimanga koma pakhomo pali anthu ochuluka moti onse amathera mumphika, lopita kumsika palibe. Okosijeni amene tikupuma panoyu, yemwe ndi 21 peresenti ya mpweya wotizungulira, anaunjikana kwa zaka mamiliyoni ambirimbiri. Amazon itapsa yonse lero, ku Kasungu kuno palibe angabanike chifukwa chosowa mpweya. Ana anga a Fomu 3 ndimawauza zimenezi chaka chilichonse, chifukwa ambiri amabwera atameza kale za mapapozo.

Mayi a Tadala (Chamama): Ndiye mukuti ingopsa basi aphunzitsi, palibe chotayika?

Aphunzitsi aMwale (Mtunthama): Ayi mayi, chotayika chilipo chachikulu, kungoti si chimene uthengawo wanena. Mitengo imeneyo yasunga kaboni wochuluka zedi m'mathunthu ndi m'nthaka. Ikapsa, amapita m'mwamba n'kuwonjezera kutentha kwa dziko, kumene kukusokoneza mvula ngakhale kwathu kuno. Chinanso, nkhalangoyo imadzipangira mvula. Mitengo imakoka madzi pansi, kuwatulutsira m'masamba, chinyezicho n'kukagwanso ngati mvula kutsogolo, mpaka kum'mwera kwa Brazil kumene amalima kwambiri. Mukaidula kwambiri, yotsalayo imayamba kuuma yokha. Ndiye pali mitundu ya anthu imene yakhala m'nkhalangomo kuyambira makolo awo, imene ikulandidwa malo.

aBanda (Chulu): Chabwino, moto unalipo. Koma ndiyankheni ichi. Masiku omwewo a Ogasiti 2019 zinatuluka kuti m'masiku awiri okha ku Angola kunali moto 6,902, ku Congo 3,395, pamene ku Brazil unali 2,127. Ndani analira za Angola? Ndani anaika chithunzi? Atsogoleri a mayiko olemera atakumana ku Biarritz, ku France, analonjeza madola 20 miliyoni a ku Amazon. Ife kuno timapsa chaka ndi chaka, mukayang'ana mapu a moto a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, kuyambira ku Angola, Zambia mpaka kwathu kuno pamakhala pofiira psuu, koma palibe amatifunsa. Chinanso, nyuzipepala zinkati moto wotere sunaonekeponso. Zoona zimenezo?

Chikondi (Lilongwe): Amalume, pomalizapo mwalasa. Mitu ya nkhani yambiri inkati ndi moto woposa zaka zonse, koma ankangoyerekeza kuyambira 2013. Mukabwerera m'mbuyo, mu 2005, 2007 ndi 2010 moto unali wochuluka kuposa wa 2019. Chilungamo chake n'chakuti Ogasiti wa 2019 anali woipitsitsa chichokereni 2010. Koma pali china chimene ndikufuna muone. Mu 2005 ndi 2010 ku Amazon kunali chilala choopsa. Mu 2019 kunalibe chilala chotero, komabe moto unakwera. Ndiye unakwera chifukwa chiyani? Chifukwa anthu anali atagwetsa mitengo miyezi ya m'mbuyo, kuisiya iume, kenako n'kuyatsa. Utsi wake unkachokera malo omwewo amene setilaiti inaona akugwetsedwa. Za Angola, Macron anazitchulako pambuyo pake anthu atamufunsa, koma n'zoona kuti sizinapite patali.

Gogo aPhiri (Nkhamenya): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhuleko poti za nkhalango ndiye ntchito imene ndinakalamba nayo. A Banda, manambala anuwo ndi oona, koma mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Moto wa ku Angola, wa ku Zambia ndi wathu kuno ndi wa m'tchire, wa m'madambo ndi m'minda. Mitengo yathuyi, mombo, mtondo, msuku, inakula ndi moto. Makungwa ake ndi okhuthala, mizu inazama. Pitani palupsa pakatha masabata awiri kapena atatu: pansi pakuda bii, koma msipu wayamba kale kutuluka, ng'ombe zikudya, ndipo Sepitembala akafika mombo umatulutsa masamba ofiira aja ngati sipanadutse kanthu. Ngakhale chitsa chimaphukira. N'chifukwa chake kale tinkatentha dala mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, moto uli wofatsa, kuti wa mu Okutobala ukadzabwera upeze palibe chodya. Wa mu Okutobalawo ndiye woipa, umapha timitengo tating'ono tonse.

Nkhalango ya mvula yambiri ngati Amazon ndi ina. Mkati mwake ndi monyowa, simuyaka mwachisawawa, ndiye mitengo yake sinazolowere moto, makungwa ake ndi opyapyala. Kamoto kokwawa pansi, kosafika n'komwe m'chiuno, kamaphika tsinde. Mtengo umaoneka wamoyo, koma pakatha chaka kapena ziwiri wauma. Ukagwa, dzuwa limalowa, pansi pamauma, moto wachiwiri umabwera woposa woyamba. Amene munaona paini wa ku Chikangawa atapsa mukudziwa kuti pali mitengo ina imene moto ukadutsa sibwereranso. Ndiye moto 6,000 wa m'tchire utha kukhala wochepa kuopsa kuyerekeza ndi moto 2,000 wa m'nkhalango yotero. Osangowerenga moto, funsani kuti chikupsacho n'chiyani.

Nankhoma (Santhe): Zikomo agogo. Komabe tisanene ngati moto wathuwu ulibe vuto. Ine ndimagwira ntchito ndi amayi ndi ana kusikelo, miyezi ino chifuwa ndi maso zimachuluka. Dzulo lomweli zovala zimene ndinayanika ndazianula zili ndi phulusa, anyamata anayatsa dambo kufuna mbewa, moto n'kulowa m'munda wa eni ake n'kutentha mapesi amene anasiyira kuphimbira nthaka.

Chikondi (Lilongwe): Za mapu ofiirawo ndiwonjezereko, amalume. Kadontho kalikonse kakungosonyeza kuti setilaiti podutsa inamva kutentha pamalopo. Sikanena kuti papsa mahekitala angati, kapena kuti ndi mtengo kapena mapesi. Mukatalikitsa mapuwo, timadonthoto timagundana n'kuoneka ngati dziko lonse lili m'malawi. Mukayandikitsa mupeza ndi timadontho tapatalipatali. Ngakhale moto wa anyamata a mbewa umene anena a Nankhomawo, ukakula pang'ono, umawerengedwa nawo. N'zoona kuti pafupifupi 70 peresenti ya malo amene amapsa padziko chaka chilichonse ali mu Africa muno, koma ochuluka ndi udzu umene umameranso mvula ikagwa.

aBanda (Chulu): Agogo ndamva, ndipo sindingatsutsane nanu pa za mitengo. Koma mtima wanga sunakhutire. Azungu anadula nkhalango zawo kalekale, analemera nazo, lero akuuza mlimi wa ku Brazil kuti asatsegule munda. Ine ndine mlimi, ndikudziwa kuti mwana akakula amafuna pake polima. Wosauka akayatsa kuti adye, dziko lonse limamuloza chala.

Madalitso (Johannesburg): A Banda, za azunguzo sindikukanani. Koma amene akugwetsa Amazon kwambiri si mlimi wa khasu ngati inu ndi ine. Malo ambiri ogwetsedwawo amasanduka odyetsera ng'ombe za malonda, ena soya. Amagwetsa ndi makina, mathirakitala awiri kukoka tcheni chachikulu pakati, chilichonse chili kutsogolo chimagwa. Ena amagwetsa malo a boma n'cholinga choti adzati ndi awo, adzagulitse. Brazil ndi dziko limene limagulitsa nyama ya ng'ombe kunja kuposa mayiko onse. Wosauka weniweni kumeneko ndi amene amathamangitsidwa pamalopo.

Aphunzitsi aMwale (Mtunthama): Ndipo manambala amene ine ndimawakhulupirira kuposa a moto ndi a malo ogwetsedwa, chifukwa awa amayezedwa kukula kwake. Mu 2004 ku Amazon ya ku Brazil anagwetsa masikweya kilomita oposa 27,000. Boma litalimbitsa malamulo, mu 2012 zinatsika kufika pafupifupi 4,600. Mu 2019 zinakweranso kupitirira 10,000. Boma lathu lonse la Kasungu ndi pafupifupi 8,000, ndiye ganizirani nkhalango yoposa Kasungu yense, kuyambira ku Bua mpaka kumalire ndi Mzimba, kugwa m'chaka chimodzi. Pulezidenti wa nthawiyo, Jair Bolsonaro, atamva manambala a INPE ananena kuti ndi abodza. Mkulu wa bungwelo, Ricardo Galvão, anakana kuwabweza, ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti 2019 anachotsedwa ntchito. Bolsonaro yemweyo ananenanso, popanda umboni, kuti mwina mabungwe oteteza chilengedwe ndi amene akuyatsa. Ndiye a Banda, mukamawerenga mabodza, muwerengenso a mbali imeneyo.

Mayi a Tadala (Chamama): Ine ndamva zonse, ndipo ndathokoza. Koma ndifunse ngati mayi wosaphunzira kwambiri. Ngati moto unalipodi, ndipo chithunzi chakalecho chinadzutsa anthu kuti achitepo kanthu, choipa n'chiyani? Manambala anuwo aphunzitsi, ine sakanandigwira mtima. Chandigwira mtima ndi pusi uja. Munthu akamakuwa kuti nyumba ikupsa, timayamba tamufunsa kuti wanena bwino?

Chikondi (Lilongwe): Azakhali, choipa chake chili pagulu pomwe pano. Onani amalume m'mawa muja: atangodziwa kuti chithunzi n'chakale, anataya nkhani yonse, ndi zoona zomwe. Ndipo si iwo okha. Bolsonaro anagwiritsa ntchito chithunzi cha Macron chomwecho kumuyankha, kuti akufalitsa zithunzi zabodza ndiponso ali ndi maganizo a atsamunda. Masiku angapo anathera pokangana za chithunzi ndi za ulemu wa atsogoleri, mitengo ikupsabe, ndipo thandizo lija boma la Brazil poyamba linalikana. Zithunzi zenizeni za mwezi womwewo zinalipo, atolankhani anajambula m'zigawo za Rondônia ndi Pará ku Brazil konko. Panalibe chifukwa chokatengera cha ku India.

Madalitso (Johannesburg): Ine pamenepa ndili pakati. Chikondi akunena zoona, komanso mayi a Tadala sakunama. Taonani 2024. Kunali chilala, mtsinje wa Rio Negro pa mzinda wa Manaus ku Amazon unatsika kuposa kale lonse chiyambireni kuyeza, ndipo INPE inawerenga moto woposa 140,000 ku Amazon chaka chimenecho, pamene 2019 yonse unali pafupifupi 89,000. Ndani pagulu pano anatumiza uthenga? Palibe. Osewera mpira sanaike zithunzi. Chaka cha phokoso sichinali chaka choipitsitsa, ndipo chaka choipa chinadutsa anthu ambiri osadziwa. Zimenezi zimandivutitsa maganizo, chifukwa zikuoneka ngati choona chikabwera chokha anthu sachimva.

Aphunzitsi aMwale (Mtunthama): Zimandivutitsa inenso. Koma sindingauze mwana wa sukulu kuti name pang'ono kuti amumvere. Akadzagwidwa kamodzi, mawa adzanena zoona anthu n'kumuseka. Komanso mu 2024 muja kugwetsa mitengo kunali kutatsika kwambiri chibwerereni Lula pampando wa pulezidenti wa Brazil mu 2023, koma moto unakwera chifukwa nkhalango inauma. Nkhani imeneyi siikwana pachithunzi chimodzi, n'chifukwa chake sinayende.

aBanda (Chulu): Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Takambirana za Brazil tsiku lonse, kumene palibe mmodzi wa ife adzapondeko. Nanga zathu?

Gogo aPhiri (Nkhamenya): Zathu ndiye zowawa, mwana wanga, ndipo setilaiti yowerenga moto siziona bwino. Ine ndanena kuti mombo umapirira moto, sindinanene kuti umapirira nkhwangwa chaka ndi chaka. Ndili mnyamata, kuchoka pa Kasungu kupita ku Chatoloma unkayenda mumthunzi. M'ma 1970 ndi 1980 maesiteti a fodya atatsegulidwa, mitengo inagwa, ina kutsegula minda, ina kulowa m'mauvuni ochizira fodya. Uvuni umodzi ukayatsidwa umadya zipika usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, ndiye muwerenge mauvuni a boma lino. Lero imirirani pamsewu wa M1 mbandakucha, muwerenge njinga za makala, thumba lililonse lasokedwa mutu ndi luzi kuti lilowe ambiri. Chitsa chikaphukira, mbuzi yadya, kapena moto wa mu Okutobala wapha mphukirazo. Mitengo yachilengedwe yokhwima yatsala ku paki, ku Chimaliro ndi kumanda. Amayi a m'mphepete mwa paki amadziwa kuti matondo amachuluka pamene panatenthedwa msanga n'kuphuka masamba anthete, koma kunja kwa paki mtondo weniweniwo uli kuti? Palibe wa ku Ulaya adzaike chithunzi cha zimenezi, chifukwa zikutha pang'onopang'ono, popanda malawi aakulu.

aBanda (Chulu): Agogo, mukamatchula fodya mukutchula ine. Ana anga aphunzira ndi ndalama za ku Chinkhoma. Ngakhale wa bale amene sitichiza ndi moto, chigafa chimafuna mitengo. Ndinabzala bulugamu kumunda kwanga, sindidula wa m'nkhalango, koma anzanga ambiri alibe malo obzalapo. Ndipo wa makalayo amagulitsa kwa ndani? Kwa a m'tauni omwewo amene amatinyoza. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Magetsi akazima ku Lilongwe, Chikondi umaphikira chiyani?

Chikondi (Lilongwe): Pa mbaula, amalume. Gasi ndi wodula, ndipo nyumba zambiri za lendi kuno zili choncho.

Nankhoma (Santhe): Ndiye tisalozane zala. Koma za anyamata oyatsa damboli ine sindizisiya, ndikakamba ndi a mfumu mawa. Mwini munda uja analira, mapesi onse amene anasunga apita.

Mlembi wa gulu: Zikomo nonse, mwakambirana mwaulemu. Pempho langa ndi lakuti uthenga wokhala ndi chithunzi komanso mawu akuti "tumizani kwa ena" tiziyamba taufunsa pano tisanaupititse kwina. Chikondi wavomera kuti azitithandiza kufufuza zithunzi. Chachiwiri, agogo, komiti ya nkhalango ya m'mudzi kwanuko inapempha anthu oti akathandize. Kodi mukutentha kapena mukulambula?

Gogo aPhiri (Nkhamenya): Kutentha nthawi yake inapita, udzu wauma kwambiri, tikayatsa pano sitingaugwire. Tikungolambula njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse, Loweruka kuyambira 6 koloko dzuwa lisanakwere. Obwera atenge makasu ndi zikwakwa. Mbali ya kuzambwe ndiyo yatsala yaitali.

Mayi a Tadala (Chamama): Ku Nkhamenya n'kutali kwa ine, koma mwana wa achemwali anga ali konko, ndimuimbira. Chikondi, unditumizire zithunzi zenizeni za ku Pará zija, ndikufuna ndikawaonetse anzanga a ku mvano Lachinayi.

aBanda (Chulu): Inenso unditumizire mapu a NASA aja, undionetse poyandikitsira. Ndikufuna ndione ngati moto wa kuseri kwa mudzi wathu wa sabata yatha unawerengedwa.